Matabwa a Agogo a Zuze

Ndikangodutsa pamalo okonzera galimoto n'kumva fungo la oyilo wakuda, wotha ntchito uja, ndimawaona agogo a Zuze atakwera pa mtondo wovundikira, kansanza kali paphewa, akutsitsa matabwa awo kudenga. Kunali kwathu kwa Tengani, kumene dzuwa limayamba kuwotcha anthu asanasukusule, ndipo m'nyumba mwawo fungo la oyiloyo linkasakanikirana ndi utsi wa ndowe zothamangitsira udzudzu komanso la milamba yowamba imene amayi ankayanika pakhonde. Matabwawo analipo khumi ndi limodzi, a mlombwa, ogonekedwa pa mitanda iwiri pamwamba penipeni pa mphasa imene ankagonapo. Mwezi ukangooneka ankawatsitsa limodzilimodzi, kuwagogoda ndi chala uku atatchera khutu ngati chiswe chalowamo, kuwapaka oyilo, n'kuwabwezera.

Panalibe munthu m'mudzimo amene sankadziwa ntchito ya matabwawo. Anali a bokosi lawo la maliro.

Agogo a Zuze anali bambo wa amayi anga, munthu wamtali, wowonda, wa zipsera za masamba a nzimbe m'mikono monse. Anadula nzimbe kuminda ya kampani zaka zambirimbiri, ndipo tsiku limene anapuma pantchito anzawo anabwerera kwawo ndi mawailesi ndi njinga, koma iwo anatulukira pa ngolo atakhalira matabwa. Anthu anayesa kuti akufuna kumanga. Amayi okha ndiwo anamvetsa, chifukwa anaona ndi maso awo mmene anaikidwira agogo aakazi chaka chimene mtsinje wa Shire unasefukira mpaka kumiza msewu. Kunalibe podutsa kupita kwa mmisiri, kunalibe thabwa louma paliponse, choncho anawakulunga m'mphasa n'kumanga ndi luzi, ndipo mphasayo inali yaifupi moti zidendene zinkaonekera. Agogo nkhaniyi sankaikamba. Munthu akawaseka za matabwawo ankangoyankha mawu amodzi omwewo.

"Ine m'mphasa nkhabe, ayi ndithu. Ndadula nzimbe moyo wanga wonse kuti ndipite ngati mtolo wa bango?"

Ndipo sankanena zocheza. Ndili Sitandade 5 kunagwa maliro a gogo wina woyandikana nafe, ndipo ana ake anabwera kudzagwada pakhomo pathu kupempha matabwa awiri okha. Agogo anawamvetsera mpaka anamaliza, kenaka analowa m'khola, n'kutulutsa tonde wawo wamkulu n'kuwapatsa chingwe chake. Thabwa ayi. Kudilawo azimayi anatinena mwezi wathunthu kuti kwa a Zuze mbuzi n'njotchipa kuposa thabwa, ndipo ine ndinkachita manyazi kufikira kumapita kukatunga madzi masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene kunalibe anthu. Ndinkawaona ngati munthu wouma mtima, ndipo sindibisa, ndinkawaopa kuposa mmene ndinkawakondera.

Iwo ankanditcha aphunzitsi. Ankandinena chifukwa ndinali ndi kamtima kodzimva. Ndinali woyamba m'kalasi pa masamu, ndipo ndinkaba zidutswa za choko kusukulu n'kumadzalemba masamu pa chitseko chawo, chifukwa m'mudzi monse chinali chitseko chokhacho chosalala bwino. Chathu chinali cha bango. Akandipeza ankangoti, "Aphunzitsi, mukaweruka mufufute bolodi," n'kudutsa.

Chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko ku Chikwawa, madzi anali atakokolola mapira athu onse. Kalata ya kusukulu inanena zofunika kubwera nazo, ndipo pamwamba penipeni panalembedwa bokosi lokhoma ndi loko. Amayi anayesetsa zina zonse, yunifolomu, ndowa, bulangeti lobwereka kwa amnzawo a kutchalitchi, koma pa bokosi anagwira njakata. Tsiku lina anandiuza mosazungulira.

"Lusiya, mwina udikire chaka chamawa. Sungapite ndi katundu m'thumba la feteleza, akakubweza pageti."

Ndinalira ngati ndalumidwa ndi nankalizi. Ndinkadziwa atsikana akwathu amene anauzidwapo kuti adikire chaka chamawa, ndipo onse anali ndi ana kumbuyo. Agogo anali chapafupi pomwepo akusoka ukonde wa munthu wina, ndipo sanatukule n'komwe mutu.

Patapita masiku atatu ndinabwera kuchokera kudimba masana n'kupeza matabwa onse atandandalikidwa pansi pa msawu. Ndinadabwa, chifukwa mwezi unali pakati, sinali nthawi yake yowapaka oyilo. Pambali pake panali mphasa yoyala ndi bango lalitali.

"Aphunzitsi, katengeni rula yanu."

Nditabwera nayo, agogo anavula chipewa, anagona chagada pamphasapo, anawongola miyendo, anaika manja m'mbali, n'kutsinzina.

"Ndiyezeni."

Kwathu bango limayeza munthu amene watisiya, kuti okumba manda ndi okhoma bokosi adziwe msinkhu wake. Munthu wamoyo, wopuma, amene wadya kumene mbatata m'mawa, sayezedwa ndi bango. Amayi ankapeta mchewere kuseri, ndipo atasuzumira lichero linawapulumuka, mchewere wonse mbwee pansi.

"Ababa! Malaulo anji amenewa? Mukufuna kumulodza mwanayu?"

"Ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi," anatero agogo osatsegula maso. "Matabwa awa angatuluke mabokosi awiri, langa ndi la sukulu, kapena ayi. Poti pakhomo pano tili ndi aphunzitsi, atiuze."

Amayi anayamba kulira kwenikweni. Anati anthu adzatinena chiyani, kuti munakaniza anamfedwa matabwa awiri kenaka n'kuwadulira mwana bokosi la malaya. Anati iwo anaikapo kale mayi awo m'mphasa ndipo sangaikenso bambo awo chimodzimodzi, bola mwana akhale pakhomo. Anakangana nthawi yaitali, agogo ali chigonere, ine nditagwira bango ngati chitsiru, nkhuku zikutola mchewere uja. Pomaliza anapangana. Masamu akanena kuti matabwa sakwana, palibe thabwa lidulidwe. Akanena kuti akwana, amayi asatsutsenso. Amayi anavomera chifukwa ankakhulupirira masamu anga kuposa mmene ankakhulupirira nyengo.

Ndinagwada n'kugoneka bango kuyambira pamutu mpaka kuzidendene. Ndinaona nthiti zawo zikukwera ndi kutsika, ndinaona ntchentche itatera pachipumi iwo osaiingitsa. Ndinathyola bango pomwe msinkhu wawo unathera, kenaka n'kuliyeza ndi karula kanga ka masentimita 30, kusuntha kangapo konse. Posiya mpata wa kumutu ndi kumiyendo, mulitali mwa bokosi lawo munakwana masentimita 200. Mulifupi anati mukhale 50, msinkhu 50, poti sankafuna kupanikizika. La sukulu anandisonyeza ndi manja, ndipo nditayeza linali 75 mulitali, 50 mulifupi, 50 msinkhu. Thabwa lililonse linali 200 mulitali ndi 25 mulifupi.

Ndinapita pachitseko paja, mbali yam'kati, ndi kachidutswa ka choko. Zimenezi tinali titaphunzira bwino m'kalasi. Kuti udziwe kukula kwa chinthu chokutira bokosi, umatenga mbali iliyonse, kuchulukitsa mulitali ndi mulifupi mwake, kenaka n'kuphatikiza mbali zonse. Thabwa limodzi linali masikweya sentimita 5,000, ndiye matabwa onse khumi ndi limodzi anali 55,000. Bokosi la sukulu silinandivute. Mbali zinayi zazitali, iliyonse 3,750, zinapanga 15,000. Mbali ziwiri zazing'ono, iliyonse 2,500, zinapanga 5,000. Zonse pamodzi 20,000, kutanthauza matabwa anayi.

Kenaka ndinafika pa la agogo. Kudzera pakhomo ndinkawaona ali chigonere pamphasa paja, ndipo m'mutu mwanga ndinayamba kuwamangira bokosi pomwepo. Pansi pawo, 10,000. Kudzanja lamanja, 10,000. Kumanzere, 10,000. Kumutu, 2,500. Kumiyendo, 2,500. Ndinaphatikiza n'kupeza 35,000. Kuwonjezera 20,000 ija, zinakwana 55,000 ndendende, osatsala ngakhale kachidutswa. Mtima unagunda ndi chimwemwe, ndipo ndinajambula mizere iwiri kunsi kwa yankho monga ankachitira aphunzitsi athu.

"Akwana!" ndinakuwa.

Agogo anadzuka, anadzisansa fumbi, n'kubwera kudzaima pachitsekopo. Kuwerenga sankadziwa, koma anayang'anitsitsa manambalawo nthawi yaitali ngati akuwamva.

"Tatiuzani, aphunzitsi, langali mwawerenga mbali ziti?"

"Pansi, kumanja, kumanzere, kumutu, kumiyendo..."

"Pyadidi! Zili bwino!" anandidula mawu ndi kuwomba m'manja kamodzi. Anatembenukira kwa amayi. "Wamva wekha. Sukulu yanena. Mawa ndikaitana a Binzi. Ndipo bolodi ili lisafufutidwe."

A Binzi anali mmisiri wa matabwa wa ku Bangula, mnzawo wa agogo kuyambira kunzimbe. Anabwera pa njinga ndi sowo ndi mpala wawo, anakhala ndi agogo pansi pa msawu akunong'onezana kanthawi, kenaka anadula matabwa anayi. Thabwa lililonse linatuluka zidutswa ziwiri zazitali ndi chimodzi chachifupi, ndipo pansi panangotsala utuchi. Ndinanyada ngati ndine ndapanga mtengowo. Bokosilo linali lolemera moti pokweza pa minibasi kondakitala anafunsa ngati muli munthu. Agogo sanandiperekeze kumsewu. Anangondigwira paphewa n'kunena kuti, "Mukakhome bwino, kumeneko kuli akuba ophunzira."

Kusukulu bokosi langa linatchuka. Anzanga anali ndi a malata, opyapyala, koma langa linali la mlombwa, lofiirira, lonunkha oyilo, ndipo aliyense ankafuna kukhalapo. Tsiku lina Loweruka masana, mwezi wanga wachiwiri kusukuluko, ndinkadzitama kwa mnzanga wina wa ku Nchalo mmene ndinawerengera matabwawo. Ndinatenga pepala kuti ndimuonetse, koma ulendo uno ndinagwiritsa njira yachidule imene tinali titangophunzira: kupeza mbali zitatu zosiyana, kuphatikiza, n'kuchulukitsa kawiri, poti mbali iliyonse ili ndi inzake yoyang'anana nayo. Za bokosi la agogo zinatuluka 45,000.

Ndinafufuta n'kuyambiranso. 45,000.

Thupi lonse linazizira, dzuwa la Chikwawa lili phwee panja. Bokosi lili ndi mbali zisanu ndi imodzi. Pa langa ndinawerenga zonse. Pa lawo ndinawerenga zisanu. Ndinawamangira pansi, m'mbali, kumutu ndi kumiyendo, koma pamwamba pa nkhope yawo sindinaikepo kanthu, chifukwa ndinkawaona akupuma. Chivundikiro ndinachiiwala. Kudenga kuja kunatsala matabwa asanu ndi awiri, pamene bokosi lawo linkafuna asanu ndi anayi, ndipo awiri osowawo ndinali nditawakhalira ineyo nthawi imeneyo. Mnzanga uja anandifunsa ngati ndadwala malungo. Ndinathamangira kuseri kwa bafa n'kukasanza.

Patchuthi cha Khirisimasi ndinabwera nditatsimikiza mtima kuti ndiulula. Ndinawapeza akupaka oyilo matabwa otsala aja, limodzilimodzi monga mwa nthawi zonse, ndipo chitseko chinali chikadali ndi manambala anga, mizere iwiri ija ili pomwepo.

"Agogo, masamu aja..."

"Aphunzitsi, kodi n'zoona kuti kumeneko mumadya nyemba tsiku lililonse? Nanga m'chipinda chogonamo mumapuma bwanji?"

Ndinayesanso kawiri tsiku lina, ndipo kawiri konse anandituma, koyamba kukamwetsa mbuzi, kachiwiri kukabwereka fodya. Kwa amayi ndiye sindikanayerekeza. Ndinadzinamiza kuti nthawi ilipo, kuti ndikadzayamba ntchito ndidzagula matabwa awiri a mlombwa n'kuwabwezera kudenga mwakachetechete. Munthu amene ankasenza yekha mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri ndinkayesa kuti andidikira.

Sanandidikire. Mwezi wa Malichi, Lachitatu m'mawa, anandiitanitsa ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, ndipo nditangoona kuti andiikira mpando ndinadziwa. Ulendo wonse wa pa minibasi, Nchalo, Ngabu, Bangula, sindinalire maliro. Ndinkangowerenga matabwa. Awiri pansi, anayi m'mbali, limodzi logawa pakati la kumutu ndi kumiyendo. Asanu ndi awiri. Ndinkaona anthu akuvundikira bokosi ndi mphasa, ndinkamva azimayi a kudilawo akunena kuti a Zuze anakaniza anamfedwa kuti mdzukulu awadyere chivundikiro. Ndinkaona nkhope ya amayi.

Nditatsika kwa Tengani ndinathamanga osadikira kabaza. Ndinamva nyimbo za amayi a kutchalitchi ndili patali, ndipo pakati pa nyimbozo ndinkamva nyundo. Ndinafika pabwalo ndikupuma wefuwefu n'kuima. Nyumba ya agogo inali yasa. Pakhomo panalibe chitseko, panangotsala mabowo a misomali pamphuthu, ndipo anthu ankalowa ndi kutuluka mowerama ngati kuti chilipo.

Ndinazungulira kuseri kumene kunkamveka nyundo. A Binzi anali pansi pa msawu, thukuta lili kamukamu, bokosi lalitali la mlombwa litatha kale pambali pawo. Pa mipando iwiri anagonekapo chitseko chija, atachicheka m'litali kuti chifanane ndi bokosilo, ndipo ankachipala m'mphepete. Ndinagwada m'utuchi momwemo.

"A Binzi, ndine ndinalakwitsa. Ndinaiwala chivundikiro. Ndinafuna kunena, koma..."

A Binzi anaika mpala pansi n'kundiyang'ana.

"Iwe mwana, ukuyesa a Zuze sankadziwa kuwerenga matabwa awo? Munthu wowagogoda mwezi ndi mwezi zaka zonsezi? Pogula ndinali nawo ine. Ndinawauza kuti bokosi lifuna asanu ndi anayi, awiriwo ndi apadera, kuchitira ena akang'aluka. Ankadziwa kuti akachotsapo anayi chivundikiro palibe."

"Nanga bwanji sananene?"

"Anene kuti mayi ako akanize? Anandiuza tsiku lomwe ndinadzadula lija, pansi pa mtengo uno. Anati, Binzi, ndinagona pamphasa ndikupemphera kuti mwanayu alakwitse, chifukwa akanakhoza ndikanasowa ponamizira. Anati tsiku langa likadzafika udzazule chitseko, munthu wakufa alibe choti atsekere."

Misozi inangotsika mpaka kulowa m'kamwa. Munthu amene ndinkamuyesa wouma mtima, amene anakana kugawa thabwa anthu atamugwadira, anaima pachitseko chake n'kuwombera m'manja masamu olakwika. Miyezi yonse ija ndinkadya movutika ndi chinsinsi changa, osadziwa kuti mwini wake anachisunga ine ndisanachidziwe, ndipo ankandituma kukamwetsa mbuzi kuti ndisachiwononge.

Amayi anatulukira kumbuyo kwanga, chitenje chili m'chiuno, maso atatupa. Anali atamva zonse kwa a Binzi m'mawa womwewo, pamene anatsitsa matabwa n'kupeza kuti aperewera. Ndinayembekezera kuti andikalipira pamaso pa anthu, ndipo ndikanavomera. Anangondidzutsa, n'kundisansa utuchi m'mawondo.

"Anatipusitsa tonse, Lusiya. Tiye ukawaone asanatseke."

A Binzi anatembenuza chitseko chija kuti apale mbali inayo, ndipo ndinaona manambala anga. Sowo inali itadya 55,000 woyamba uja, koma enawo analipo, 35,000, 20,000, ndi mizere iwiri ya munthu wodzikhulupirira. Ndinakoka nsonga ya chitenje kuti ndifufute, poti sindinkafuna kuti anthu aone manyazi anga. A Binzi anandigwira dzanja.

"Nkhabe. A Zuze anati mbali yolembedwayo iyang'ane m'kati."

Agogo anaikidwa masana omwewo chifukwa cha kutentha, m'bokosi lokwana mbali zonse zisanu ndi imodzi, zidendene zosaonekera. Pokhomera chivundikiro ndinaima pafupi, ndipo ndinaona choko changa chikutsikira pankhope pawo.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndimagwira ntchito ku boma la Nsanje, ndipo matabwa awiri a mlombwa ndikhoza kuwagula mawa lomwe, koma ndilibe kowapereka. Bokosi la sukulu lija lili kumiyendo kwa bedi langa. Mahinjesi ndasinthapo kawiri, loko katatu, koma thabwa silinang'aluke ngakhale limodzi, ndipo mwezi ukaoneka ndimalipaka oyilo wakuda ngakhale ana amadandaula kuti zovala zikununkha galaja. Mwana wanga wamkulu anabwera tsiku lina ndi masamu omwewa a bokosi, n'kundipempha kuti ndimuthandize. Tinagwada pabokosipo, iye akugwira mbali imodziimodzi n'kumawerenga mokweza. Atafika pa yachisanu anaima, n'kundiyang'ana kuti ndimuyamikire.

Ndinatenga dzanja lake n'kuliika pa chivundikiro.